Kandege ka Luftwaffe ndi swastika ya kumchira: zoyenera kuchita musanamate

Ife amene tinakula tikupinda mawaya n'kupanga magalimoto, ntchito yolumikiza tindege tapulasitiki siitivuta kuimvetsa. Kusiyana kwake n'kwakuti pano zidutswa zimabwera zoumbidwa kale m'bokosi, pamodzi ndi pepala la malangizo ndi kapepala kena ka zizindikiro zomata, zimene eni ntchitoyi amazitcha ma decal. Umadula, kupala, kumata ndi guluu, kupenta, kenako n'kuika zizindikiro. Chimene aliyense amafuna n'chakuti kandegeko kafanane ndi ndege yeniyeni ya tsiku lakutilakuti, mpaka nambala yake ndi pamene penti inasupuka.

Ndiye tsiku lina mwagula Messerschmitt Bf 109 kapena Junkers Ju 87 (yotchedwanso Stuka), ndege za Luftwaffe, gulu la ndege za nkhondo la Ajeremani pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. Mwatsegula bokosi. Manambala alipo, mitanda ya m'mapiko ilipo, ngakhale timalemba ting'onoting'ono ta pa thanki ya mafuta tilipo. Koma swastika, chizindikiro cha Anazi cha pa chipsepse cha kumchira, palibe. Pa chithunzi cha pabokosi mwina asiyapo poyera, mwina ajambulapo kadayamondi kakuda. Sikuti kufakitale anaiwala. Anasiya dala, ndipo chifukwa chake chikukukhudzani inunso, makamaka ngati mumakhala ku Ulaya kapena ku Australia, ngati mumaika zithunzi pa intaneti, kapena ngati mudzafuna kugulitsa kandegeko. Malangizo ali m'munsiwa ndi ndondomeko imene ndimatsatira ndisanatsegule n'komwe botolo la guluu.

Gawo 1: Zindikirani kuti ndi swastika iti

Dzinali ndi la chiyankhulo cha Sanskrit cha ku India, ndipo limachokera ku mawu otanthauza kukhala bwino. Kwa Ahindu ndi chizindikiro cha mwayi ndi madalitso. Amachijambula pakhomo nthawi ya Diwali, pa buku latsopano la malonda, pa galimoto yongogula kumene, paukwati. Ngati munalowapo m'sitolo ya Mhindu ku Limbe, ku Lusaka kapena ku Durban n'kuona chizindikiro chofiira chokhala ndi timadontho tinayi pakati pa mikono yake, chimenecho ndicho. Abuda amachiika pachifuwa cha chifanizo cha Buddha, ndipo pa mapu a ku Japan, kumene amachitcha manji, chimasonyeza pamene pali kachisi. A chipembedzo cha Jain amachilumikiza ndi Suparshvanatha, mphunzitsi wawo wamkulu wachisanu ndi chiwiri. Anthu amenewa akhala nacho zaka masauzande, ndipo sanasiye.

Ku Ulaya chinatchuka kwambiri Heinrich Schliemann atachipeza pa mapale amene anafukula ku Hisarlik, ku Turkey, m'zaka za m'ma 1870, pofunafuna mzinda wakale wa Troy. Magulu a ku Germany odzikweza chifukwa cha mtundu anachitola n'kumati ndi cha makolo awo. Chipani cha Nazi chinachitenga mu 1920: chakuda, chopendekera, m'bwalo loyera pa nsalu yofiira. Iwo sankachitcha swastika koma Hakenkreuz, kutanthauza mtanda wa ngowe. Pa 15 Seputembala 1935 chinakhala mbendera ya dziko lonse, tsiku lomwelo limene malamulo a ku Nuremberg analanda Ayuda ufulu wokhala nzika. Pansi pa mbendera imeneyo Ayuda 6 miliyoni anaphedwa. Anaphedwanso anthu a mtundu wa Roma (ena amati ma Gypsy), anthu olumala, ndi akaidi a nkhondo a ku Soviet Union. A Mboni za Yehova anatsekeredwa m'misasa atasokeredwa kansalu kapepo pachifuwa. Ana obadwa kwa asilikali a ku Africa a gulu la nkhondo la France ndi amayi a ku Rhineland, chigawo cha Germany, anatsekedwa kubereka mokakamiza mu 1937. Ndimatchula zimenezi chifukwa pali achinyamata athu ena amene amaona chizindikirochi ngati chokongoletsera chabe cha anthu olimba mtima, osadziwa kuti eni ake ankati munthu wakuda si munthu wathunthu.

Pali bodza lofala lakuti yoyang'ana kumanzere ndi yabwino, yoyang'ana kumanja ndi ya Hitler. Musalikhulupirire. Ya Ahindu nthawi zambiri imayang'ana kumanja, chimodzimodzi ya Anazi. Chosiyanitsa ndi malo ake, mtundu wake ndi amene akuigwiritsa ntchito.

Kwa ife olumikiza tindege, pali zinanso ziwiri zofunika kuzidziwa. Ndege za nkhondo za ku Finland zinali ndi swastika yabuluu, yosapendekera, m'bwalo loyera, kuyambira 1918 mpaka 1945. Inachokera kwa Eric von Rosen wa ku Sweden, amene anapatsa dzikolo ndege ya Thulin Typ D pa 6 Malichi 1918 itajambulidwa chizindikiro chake cha mwayi. Apo n'kuti chipani cha Nazi kulibe. Komabe nkhaniyi siyera kotheratu, chifukwa von Rosen yemweyo anadzakhala pachibale ndi Hermann Göring, mmodzi wa akuluakulu a Anazi, kudzera m'ukwati, popeza anakwatira pachemwali, ndipo anadzagwirizana ndi maganizo a Anazi. Ndege za ku Latvia nazo zinali ndi yofiira mpaka 1940, yochokera ku chizindikiro chawo chakale chotchedwa ugunskrusts, mtanda wa moto. Ngakhale gulu la asilikali a ku America la 45th Infantry Division linkaivala paphewa, potengera mitundu ya eni nthaka a kumeneko, mpaka linaisintha mu 1939.

Chotero funso loyamba n'lakuti: chimene ndikumangachi, mwini wake anali ndani, ndipo chinali chaka chanji?

Gawo 2: Werengani lamulo la kumene muli, ndi la kumene kandegeko kadzafike

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene anthu amagwera m'mbuna.

Lamulo lolemera kwambiri pa nkhani ya ma kit, mabokosi a zidutswa zolumikiza aja, ndi la ku Germany, ndime 86a ya buku lawo la milandu, Strafgesetzbuch. Limaletsa kufalitsa kapena kuonetsa poyera zizindikiro za magulu oletsedwa, ndipo chilango chake ndi chindapusa kapena ndende mpaka zaka 3. Limaletsanso kupanga, kusunga, kulowetsa kapena kutulutsa m'dziko zinthu zotere ndi cholinga chozifalitsa. Si swastika yokha: malemba awiri a SS, gulu la asilikali a chipani cha Nazi, ooneka ngati mphezi, ndi chigaza cha gulu la SS, zili momwemo. Ndipo lamuloli limakhudzanso chizindikiro chilichonse chofanana nazo kwambiri moti munthu angasokoneze. N'chifukwa chake makampani ambiri amachita mantha ndi yabuluu ya ku Finland ija, ngakhale mbiri yake ndi ina.

Lamulolo lili ndi khomo lotulukira: sililanga ngati chizindikiro chagwiritsidwa ntchito pophunzitsa, pa kafukufuku, pa luso, kapena pofotokoza mbiri ndi nkhani. Mabuku a sukulu ndi mafilimu amadutsira pamenepo. Munthu angaganize kuti kandege komangidwa molondola nako ndi mbiri. Khoti lalikulu la milandu la ku Germany, Bundesgerichtshof, linakana maganizo amenewa mu 1979 pa mlandu wokhudza tindege ta malonda tokhala ndi swastika. Mfundo yake inali yakuti zinthu zogulitsidwa mwaunyinji, zimene ana angasewere nazo, zimazoloweretsa anthu chizindikirocho. Khoti lomwelo mu 2007 linamasula wamalonda amene ankagulitsa mabaji a swastika yodulidwa ndi mzere, popeza zinali zoonekeratu kuti akutsutsa Anazi. Masewera a pakompyuta anayamba kuloledwa, lililonse poliunika palokha, mu 2018. Koma ma kit a m'sitolo akadali m'mbali yoletsedwa. Chimene sichilangidwa ndi kukhala nacho m'nyumba mwanu, pamene sichionekera kwa anthu wamba. Gwirani bwino mfundo imeneyi: lamulo silikufunsani ngati mumakonda Hitler. Likufunsa ngati mwaonetsa poyera kapena mwafalitsa.

Ku Austria kuli Verbotsgesetz ya 1947 ndi lamulo la mabaji la 1960. Ku France, ndime R645-1 ya malamulo a milandu imaletsa kuvala kapena kuonetsa poyera yunifolomu ndi zizindikiro zimenezi, kupatula m'filimu, m'sewero kapena pa chionetsero cha mbiri, ndipo chindapusa chake chimafika mayuro 1,500. Lithuania inaletsa mu 2008, Ukraine mu 2015. Ku Brazil, kupanga kapena kugulitsa swastika pofuna kufalitsa maganizo a Anazi ndi mlandu wa zaka 2 mpaka 5.

Australia inalowa pambuyo pa mayiko amenewa. Zigawo za New South Wales ndi Victoria zinaletsa mu 2022, ndipo lamulo la dziko lonse linayamba kugwira ntchito pa 8 Januwale 2024, loletsa kuonetsa poyera ndi kuchita malonda a zinthu zokhala ndi chizindikirochi. Chimene ndimayamikira m'malamulo a kumeneko n'chakuti anasiyanitsa bwino Hakenkreuz ndi swastika ya chipembedzo, kuti Mhindu, Mbuda kapena wa Jain asavutitsidwe. Ku Ulaya nkhani yomweyi inabuka mu 2007, pamene Germany inkafuna kuti mayiko onse a European Union aletse chizindikirochi. Ahindu anadandaula kwambiri, ndipo ganizolo linasiyidwa.

Ku Britain kulibe lamulo loletsa chizindikirocho pachokha, ngakhale lamulo la bata la 1986, Public Order Act, lingagwire munthu wochigwiritsa ntchito poopseza kapena kuzunza ena. Ku United States chimatetezedwa ndi ufulu wa kulankhula. Abale athu a ku Joni akumbukire kuti Equality Court mu 2019 inagamula kuti kuonetsa mbendera yakale ya nthawi ya tsankho popanda chifukwa chomveka ndi mawu a chidani, ndipo khoti la apilo linavomereza mu 2023. Chigamulocho chinali cha mbendera, koma chikukuonetsani mmene makhoti a kumeneko amaganizira pa zizindikiro za tsankho.

Malamulowa amasinthidwa kawirikawiri, ndipo m'zaka zaposachedwa akhala akukhwimirakhwimira. Werengani lamulo lenilenilo pa tsamba la boma la dziko limene muli, osangodalira zimene wina wanena pa gulu la WhatsApp.

Gawo 3: Onani kapepala ka ma decal musanagule

Makampani amachita mosiyana. Revell, ya ku Bünde ku Germany, siika n'komwe. Airfix ya ku Britain nayo kawirikawiri siika, ngakhale lamulo la kwawo silikuwaletsa, chifukwa bokosi lomwelo limagulitsidwa ku Berlin ndi ku Vienna. Makampani ambiri a ku Japan, ku China ndi kum'mawa kwa Ulaya amaidula pawiri, kuti pakapepala pazioneka tizidutswa tiwiri topanda tanthauzo. Eduard ya ku Czech Republic imadziwika ndi njira yoika yoduladula pakati pa kapepala ndi yathunthu pakona, kuti konayo adule ndi lumo ngati bokosi likupita kumene n'zoletsedwa. Chifukwa cha zimenezi, ma kit awiri ofanana nambala angasiyane m'kati, kutengera kumene anagulidwa.

Musanalipire, funani chithunzi cha kapepalako. Amene amaunika ma kit pa intaneti amachijambula pafupifupi nthawi zonse. Ngati mukugula yogwiritsidwa kale ntchito, pemphani wogulitsa akutumizireni chithunzi.

Dziwaninso pamene chizindikirochi chimabisala, chifukwa si pa ndege pokha. Mtanda wowongoka wakuda wa m'mapiko ndi m'mbali mwa ndege, Balkenkreuz, si woletsedwa. Akasinja a Ajeremani ambiri anali ndi mtanda umenewo wokha, koma asilikali ankayala mbendera pamwamba kuti ndege zawo zisawaphulitse, ndipo ma kit ena amabwera ndi mbenderayo. Chizindikiro cha Afrika Korps, gulu la nkhondo la Ajeremani kumpoto kwa Africa, ndi mtengo wa kanjedza wokhala ndi swastika pathunthu pake. Manambala a magalimoto a SS amayamba ndi mphezi ziwiri zija. Pa tiasilikali ta muyeso wa 1/35 (tochepa ka 35 poyerekeza ndi munthu weniweni) chili m'zikhadabo za chiwombankhanga cha pachifuwa ndi pa chisoti. Chili pa zipsepse za Hindenburg, chombo cha m'mlengalenga chimene chinapsa ku Lakehurst pa 6 Meyi 1937, pa ndege za Lufthansa za m'ma 1930, ndi pa masitima apamtunda a nthawi imeneyo.

Gawo 4: Sankhani njira, ndipo sankhani musanayambe kupenta

Njira yoyamba ndi kusiya chipsepse chopanda kanthu. Ndi mmene amachitira anzathu ambiri a ku Germany, ndipo ndege zenizeni zakale zimene zimauluka pa zionetsero kumeneko zimauluka choncho. Munthu wodziwa amaona kuti pakusowa china, koma amadziwanso chifukwa chake. Ngati kandegeko ndi ka mwana, kapena kadzakhala pabalaza, kuofesi kapena m'sitolo, iyi ndiyo njira imene ndimalangiza.

Yachiwiri, imene ndimaikonda kuposa zonse, ndi kufuna ndege yomweyo m'zovala zina. Bf 109 sinauluke ndi Luftwaffe yokha. Switzerland inagula zake n'kuzijambula mtanda woyera pofiira. Hungary, Romania, Bulgaria ndi Italy zinali nazo ndi zizindikiro zawo. Pa nkhondo yapachiweniweni ya ku Spain, kuyambira 1936 mpaka 1939, ndege za Ajeremani za Condor Legion zinali ndi mabwalo akuda ndi mtanda wopingasa pa chiwongolero choyera, popanda swastika, ngakhale kuti ndi gulu lomwelo limene linaphulitsa tauni ya Guernica mu 1937. Finland itasintha mu 1945, ma Bf 109G ake anauluka ndi bwalo loyera ndi labuluu. Angerezi anali ndi kagulu kotchedwa No. 1426 Flight kamene kankaulutsa ndege zolandidwa kwa adani zitapentedwa zizindikiro za RAF, gulu lawo la ndege za nkhondo. Ndipo pali nkhani imene imandigwira mtima nthawi zonse: Avia S-199, yomwe ndi Bf 109 yomangidwa ku Czechoslovakia nkhondo itatha ndi injini ya mtundu wina, inali ndege yoyamba yomenyera nkhondo ya Israel mu 1948. Thupi lake ndi la Messerschmitt, koma m'mbali muli nyenyezi ya Davide.

Pa sitima zapamadzi mungasankhe tsiku. Bismarck, sitima ya nkhondo ya Ajeremani, inali ndi swastika zikuluzikulu zojambulidwa pamwamba pa bwalo lake, kutsogolo ndi kumbuyo, kuti ndege za kwawo ziizindikire. Zinaphimbidwa ndi penti pa ulendo wake womaliza, isanamizidwe pa 27 Meyi 1941. Mukamanga Bismarck ya masiku a nkhondo yake ya pa Atlantic, kusaoneka kwa chizindikirocho ndiko kulondola.

Yachitatu ndi kuiika. Sindikuona cholakwa mwa munthu wamkulu amene akumanga ndege ya 1940 molondola, kumene lamulo likulola, ndipo akudziwa chimene akumanga. Ndimaonanso kuti kufufuta chizindikirocho pa Stuka iliyonse kuli ndi vuto lake: ndegeyo imayamba kuoneka ngati makina okongola opanda mwini, pamene inali chida cha boma limene linapha anthu mamiliyoni. Koma ndili ndi malire. Kachizindikiro ka mamilimita ochepa pamchira wa ndege ndi mbiri. Chimbendera chachikulu chofiira pa thabwa loikapo kandegeko, kapena shelefu yonse yodzaza ndi magulu a SS okhaokha, chimenecho chayamba kunena zina za mwini nyumba.

Gawo 5: Ngati mwasankha kuiika, iikeni molondola

Yambani ndi zithunzi za ndege yeniyeniyo, chifukwa kalembedwe kake kankasintha. Kuyambira 1933 mpaka 1935, ndege za ku Germany zinali ndi swastika kumanzere kokha kwa chipsepse, kumanja kuli mizere yakuda, yoyera ndi yofiira. Kenako inakhala mbali zonse, m'bwalo loyera pa lamba wofiira. Nkhondo isanayambe lamba ndi bwalo zinachotsedwa, n'kutsala yakuda ya m'mphepete moyera. Chakumapeto kwa nkhondo zambiri zinali mzere wa m'mphepete wokha, woyera kapena wakuda. Kuika ya 1937 pa ndege ya 1944 ndi kulakwa kumene aliyense wodziwa amakuona patali.

Ngati bokosi lilibe, makampani ngati Xtradecal ya ku Britain ndi Techmod ya ku Poland amagulitsa mapepala a zizindikirozi m'miyeso ya 1/72, 1/48 ndi 1/32. Koma ngati mukukhala ku Germany kapena ku Austria, musaitanitse kuchokera kunja mwachisawawa. Phukusi lingagwidwe pa kasitomu, ndipo mudzafunika kufotokoza.

Kamatidwe kake nkaka. Pentani chipsepse, chiume, kenako pakani vanishi wonyezimira. Pa penti yosanyezimira mpweya umatsekeredwa pansi pa decal, ndipo m'mphepete mumaoneka mbuu ngati siliva. Dulani decal imodzi yokha ndi mpeni wakuthwa, iviikeni m'madzi ofunda kwa masekondi 10 kapena 15, n'kuiika pa pepala lopukutira mpaka itayamba kutsetsereka yokha. Musaikakamize, imang'ambika. Nyowetsani pamalopo ndi kadontho ka madzi kapena ka mankhwala othandiza kumata otchedwa Micro Set, tsetsereketsani decal kuchoka pa pepala lake ndi burashi yonyowa, ikonzeni, kenako finyani madzi pang'onopang'ono ndi kathonje, kuyambira pakati kupita m'mphepete.

Yoduladula pawiri imafuna kuleza mtima. Ikani chidutswa choyamba, chiwongoleni poyerekeza ndi mzere wa chiwongolero, ndipo chisiyeni chiume ndithu, ola lathunthu kapena kuposa. Mukaika chachiwiri choyamba chisanagwire, zonse ziwiri zimayandama ndipo mudzazithamangitsa mpaka imodzi itapindika. Chachiwiri chikakhala pamalo pake, onani ndi galasi lokulitsa ngati mizere yoyera ya m'mphepete yakumana. Chenjerani ndi kutembenuza: mbali zonse ziwiri za chipsepse chizindikirocho chimayang'ana kofanana mukaima moyang'anizana nacho, si kuti mbali inayo ndi chithunzi cha m'kalilole. Zonse zikakhazikika, pakani Micro Sol kapena mankhwala ena ofewetsa, ndipo musakhudze ngakhale decal itachita makwinya, imadzawongoka ikamauma. Mawa lake pukutani ndi kansalu konyowa, pakaninso vanishi wonyezimira, kenako wosanyezimira.

Ya ku Finland kamatidwe n'komweko, kungoti ndi yaikulu, ili m'mapiko ndi m'mbali, ndipo nthawi zambiri imabwera ngati bwalo loyera, mtanda wabuluu, ndi timikono padera. Yambani ndi bwalo loyera, liume usiku wonse. Iyo siipendekera.

Gawo 6: Kuonetsa, kujambula, kugulitsa ndi kuyenda nako

Kandege katatha, ntchito ya lamulo ndi pamene ikuyamba.

Pa zionetsero, werengani malamulo a okonza. Ku Scale ModelWorld, chionetsero chachikulu cha bungwe la olumikiza ma kit la IPMS ku Telford, ku Britain, mwezi wa Novembala, mudzaona ndege za Luftwaffe zili ndi zizindikiro zonse. Pa chionetsero cha ku Germany muyenera kuphimba. Njira yosavuta ndi kadutswa ka tepi ya Tamiya, kamene mwayamba mwakamata pa dzanja kangapo kuti guluu wake achepe mphamvu, apo ayi kadzazula decal pochotsa. Kaphimbe chizindikiro chonse, osasiya mikono ikusuzumira. Phimbani musanachoke kunyumba, osati mutafika pa tebulo, chifukwa pa bwalo la ndege kapena pa malire chikwama chingatsegulidwe.

Zithunzi ndizo zimapusitsa ambiri. Kuika chithunzi pa Facebook, Instagram kapena YouTube ndi kuonetsa poyera. Wokhala ku Germany akaika chithunzi cha kandege kake kali ndi swastika yoonekera, angaimbidwe mlandu ngakhale kandegeko sikanatuluke m'chipinda. Amene muli kumene lamulo silikuletsa, makina a makampaniwa angachotsebe chithunzicho kapena kutseka akaunti yanu osafunsa. Jambulani kuchokera kutsogolo kuti phiko liphimbe mchira, kapena fufutani kachigawoko pafoni musanatumize. Sungani chithunzi chathunthu pa kompyuta yanu.

Pogulitsa, lamulo la dziko la wogula ndi lofunika ngati lanu. Izi zinaoneka kale mu 2000, pamene khoti la ku Paris linalamula Yahoo kuti itsekere anthu a ku France malonda a zinthu za Anazi, ngakhale tsambalo linali la ku America. Ngati mukutumiza kit yosamanga ku Germany, Austria, France kapena Australia, dulani kona ya kapepala kaja, detsani chizindikiro cha pabokosi ndi cholembera chakuda, ndipo muuzeni wogula kuti mwatero. Kandege komanga kale, chotsani decal ndi tepi yomata kwambiri kapena pentani pamwamba pake.

Kunyumba nako ganizirani amene amalowa. Mnzanga wina wa kuntchito, amene agogo ake anathawa ku Ulaya m'ma 1930, atabwera kudzandiona anaima kwa nthawi ndithu patsogolo pa shelefu yanga osalankhula. Ndinali ndisanaganizepo za mmene kandege kamodzi kangaonekere kwa munthu ngati iyeyo. Kuyambira tsiku limenelo ndege za Luftwaffe ndinazisamutsira m'chipinda chogwirira ntchito, ndipo iliyonse ndinailembera kakhadi. Pakakhadipo ndimalemba mtundu wa ndege, gulu lake, malo ndi chaka, kenako mzere umodzi wonena chimene inkachita kumeneko. Ka Heinkel He 111 kamati: Poland, Seputembala 1939, inaponya mabomba pa Warsaw. Ka Brewster Buffalo ya ku Finland kamafotokoza za Eric von Rosen ndi chaka cha 1918, chifukwa mlendo aliyense amafunsa. Ndimadula kakhadiko pa katoni yopyapyala, masentimita 8 m'litali ndi 4 m'lifupi, n'kukapinda pakati kuti kaime kokha kutsogolo kwa gudumu.